Galimoto Yosasankha Njira

M'dzinja lapitali ndinaona zinthu ziwiri m'sabata limodzi pa msewu wodutsa pafupi ndi sukulu yathu, ndipo kufikira lero mtima wanga ukali kuzilingalira. Lachiwiri usiku mvula inavumba kufikira mbandakucha, dambo linadzaza, ndi msewu unasanduka phala lokhalokha. M'mudzi wa tsidya lija munali mayi wapakati amene nthawi yake inakwana, koma zinthu sizinali kuyenda bwino. Amuna anamanga ng'ombe pangolo, koma ng'ombezo zitafika pamatope zinakana. Dzuwa litakwera tinamva kulira kwa injini, ndipo inatulukira galimoto yoyera ya kuchipatala, yakale ndi yosuluka utoto. Inalowa m'dambomo mosafulumira, matope akufika m'mimba mwake, niwoloka, nimtenga mayiyo. Mwana amene anabadwa madzulo a tsikulo tsopano akukwawa.

Lachisanu la sabata lomwelo, ana ali kuweruka, inabwera galimoto ina ya maonekedwe omwewo, koma yatsopano, yonyezimira, ya magalasi akuda. Inapyola pachithaphwi ndi liwiro lalikulu, niwaza matope pa malaya a ana ndi pa makope awo. Sinaime, ndipo palibe amene anaona nkhope ya mwini wake. Mnyamata wina, alikupukuta kope lake, anandifunsa nati, "Aphunzitsi, kodi galimoto iyi ndi ija ya kuchipatala si pachibale?" Ndinamuyankha kuti inde, ndi mtundu umodzi. Iye anati, "Nanga bwanji ina tinaiombera m'manja, ndi ina tikuiipira mtima?"

Funso la mwanayo ndilo landilembetsa mawu awa. Magalimoto a mtundu umenewu Azungu awatcha ndi zilembo zitatu, SUV, ndi anyamata athu ati 4x4, ndipo masiku ano asiriridwa pa dziko lonse lapansi. Ndifuna tiwazenge mlandu monga achitira akulu pabwalo: timve kumene anachokera, tione chimene anthu awakondera, ndipo pomaliza tigamule. Maganizo anga ndiwanena poyera pachiyambi pomwe. Galimoto iyi inabadwa kuti ikhale yantchito, ndipo ulemu wake wonse unachokera ku ntchitoyo. Koma anthu atenga ulemuwo nauvala ngati mkanjo, ntchito ataisiya.

Chinsinsi cha mphamvu yake

Palibe matsenga m'menemo. Galimoto wamba ili ndi magudumu anayi, koma injini izunguza awiri okha, ndi awiri enawo angotsata monga magudumu a ngolo. Awiri okokawo akaterereka pamatope, ulendo wathera pomwepo. Koma galimoto imene tikunenayi igawira mphamvu ya injini kwa magudumu onse anayi, monga mlimi womanga ng'ombe zinayi pakhasu m'malo mwa ziwiri, kotero kuti zina zikaterereka zina zikoka. Ndiponso ili ndi bokosi lachiwiri la magiya. Woyendetsa akafika pachitunda kapena pamchenga alowetsa giya yapansi, ndipo liwiro lichepa koma mphamvu yokoka ichuluka kawiri kapena kuposa apo. Munthu wosenza thumba la chimanga achita chimodzimodzi pokwera phiri, pakuti afupikitsa mapazi ake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Pali chinanso. Galimoto ikamakhota, gudumu lakunja liyenda mtunda wautali kuposa lam'kati, monga ana oguba m'mizere, wakunja atalikitsa mapazi pamene wam'kati aponda pamodzimodzi. Chipangizo chololeza zimenezi amakaniko achitcha difu. Koma difu ili ndi ulesi wake: itaya mphamvu pa gudumu limene lizungulira mosavuta, lija lomira m'thope kapena lolendewera m'mwamba, ndi linzake loponda pouma lingokhala duu. Chifukwa chake magalimoto enieni a m'tchire ali ndi loko womanga magudumu awiriwo kuti azungulire pamodzi. Wonjezerani mimba yotalikira pansi kuti isagunde miyala ndi zitsa, ndi mitanda iwiri yachitsulo yolumikizidwa ngati makwerero imene thupi lonse likhalapo. Zimenezi ndizo zipanga galimoto yosasankha njira. Zina zonse ndi zokometsera chabe.

Kubadwa kwake m'nkhondo

M'chaka cha 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati ku Ulaya, akulu a asilikali a ku America anafuna kagalimoto kopepuka kokhoza kupita kumene kale kunkapita akavalo. Analembera makampani 135, nawapatsa masiku 49 okha kuti abweretse chitsanzo choyenda. Imene inakwanitsa m'masiku amenewo inali kampani yaing'ono yosauka yotchedwa American Bantam, ya m'mudzi wa Butler ku Pennsylvania, ndipo wojambula mapulani ake anali Karl Probst. Koma popeza Bantam inalibe mphamvu yopanga zikwizikwi, boma linaonetsa mapulaniwo kwa makampani akulu awiri, Willys ndi Ford, ndipo awa ndiwo anapanga magalimoto pafupifupi 640,000 nkhondo isanathe. Bantam inatema tchire, ena anakolola munda. Dzina limene asilikali anakapatsa kagalimotoko ndilo Jeep.

Jeep inalibe zitseko, inalibe denga lolimba, ndi mipando yake inali youma ngati benchi la m'kalasi. Inanyamula mauthenga, mfuti, chakudya ndi anthu ovulala. Agogo athu ena amene anapita ku Burma mu 1944 ndi asilikali a King's African Rifles anakumana nayo kumeneko, m'matope oposa a kwathu kuno. Nkhondo itatha mu 1945, kampani ya Willys inayamba kuigulitsa kwa alimi, ndi kunena kuti ikhoza kukoka khasu m'munda, kuzunguza makina ndi chitsulo chotulukira kumbuyo kwake, ndi kupita ndi banja kumsika. Taonani tsono, makasitomala ake oyamba anali msilikali ndi mlimi, anthu odziwa thukuta.

Ku Britain kunali munthu wina dzina lake Maurice Wilks, mmisiri wamkulu wa kampani ya Rover, amene anali ndi munda pa chisumbu cha Anglesey ku Wales. Pamundapo anali kugwiritsa ntchito Jeep yotsala kunkhondo, ndipo mu 1947 iye ndi mbale wake Spencer Wilks, amene anali mkulu wa kampaniyo, anatsimikiza zopanga yawoyawo. Masiku amenewo chitsulo chinali chosowa ndi chogawidwa ndi boma, choncho thupi la galimotoyo analisula ndi aluminiyamu, chitsulo chopepuka chopangira ndege, chimene sichichita dzimbiri. Ngakhale utoto wake wobiriwira unali wotsala ku ndege zankhondo. Anaionetsa poyera ku Amsterdam pa 30 April 1948, naitcha Land Rover, ndi mtengo wake unali mapaundi 450. Eni ake anayesa kuti ndi chongodikirira nacho masiku abwino, koma posakhalitsa inayamba kugulidwa koposa magalimoto awo ena onse.

Land Rover ndiyo inafika kuno m'masiku a Nyasaland. Kale bwana wa boma kapena mmishoni wopita kutali ndi msewu anayenda pansi, pabulu, panjinga kapena pamachila, ndi katundu wake ali pamitu ya amtengatenga. Land Rover inathetsa zambiri za zimenezi, ndipo m'midzi yambiri galimoto yoyamba imene ana anaithamangira inali yomweyi. Komatu akulu akumbukira kuti kulira kwake kunali ndi matanthauzo awiri. Tsiku lina inabweretsa dokotala ndi katemera, tsiku lina apolisi ndi okhometsa msonkho, ndipo anthu anayamba asuzumira kaye kuti aone wakwerayo asanadziwe ngati atuluke kapena athawire kumunda.

Wachitatu pa abale amenewa anabadwira ku Japan. Mu 1951, nthawi ya nkhondo ya ku Korea, kampani ya Toyota inapanga galimoto yofanana ndi Jeep, ndipo woiyesa, Ichiro Taira, anakwera nayo phiri la Fuji kufikira pamalo pamene galimoto inali isanafikepo. Popeza dzina loti Jeep linali la Willys, mu 1954 anaitcha Land Cruiser. Inatchuka chifukwa cha chinthu chimodzi chosaoneka ndi maso, ndicho kusafa msanga, ndipo pang'onopang'ono inalanda malo a Land Rover m'maiko ambiri a Africa. Mtundu wake umene unatuluka mu 1984, wa thupi la ngodya zinayi ngati bokosi, upangidwabe, ndipo maambulansi ambiri a m'maboma athu ndi a mtundu umenewu. Kulimba komweko kunakondweretsanso ankhondo, kotero kuti nkhondo ya Chad ndi Libya ya mu 1987 anthu anaitcha nkhondo ya Toyota. Chida sichisankha dzanja.

Wantchito avala mkanjo

Tsono kusintha kunadza bwanji? Amalonda anaona kuti anthu olemera asirira mphamvu ya galimoto ya mlimi koma safuna benchi lake louma. Mu 1963 ku America kunatuluka Jeep Wagoneer, yokoka ndi magudumu anayi koma yofewa m'kati ngati galimoto ya m'tauni. Mu 1970 ku Britain kunatuluka Range Rover. Yoyambayo inali ikali ndi ulemu wa ntchito, pakuti pansi pake panali mphira kuti mlimi athirepo madzi ndi kutsuka matope. Koma zaka zitapita analowetsamo zikopa zofewa, matabwa opalidwa bwino ndi makapeti, mpaka inasanduka galimoto ya mafumu ndi anthu a chuma. Pambuyo pake zinadza Mitsubishi Pajero mu 1982, Jeep Cherokee yatsopano mu 1984, Ford Explorer ndi Toyota Prado mu 1990, ndi Toyota RAV4 mu 1994, ndipo mabanja a m'mizinda anayamba kusiya magalimoto wamba.

Bungwe loona za mafuta ndi mphamvu pa dziko lonse, la International Energy Agency, linawerenga kuti mu 2023 magalimoto 48 pa 100 alionse atsopano ogulidwa pa dziko lapansi anali a mtundu umenewu. Koma dabwani ichi: ambiri a iwo sanapondepo thope, ndipo ambiri akoka ndi magudumu awiri okha, alibe giya yapansi, alibe mitanda ija yachitsulo. Atenga msinkhu ndi nkhope ya galimoto ya m'tchire, mtima wake ayi. Anthu a ku London anawapatsa dzina lachipongwe, mathirakitala a ku Chelsea, popeza Chelsea ndi dera la anthu olemera kumene kulibe munda ngakhale umodzi wolima ndi thirakitala. Ndipo Land Rover yakale ija, imene m'zaka zake zomaliza inatchedwa Defender, inaleka kupangidwa ku Solihull mu January 2016, itapangidwa yoposa mamiliyoni awiri. Dzinalo analipatsa galimoto ina yatsopano ya mtengo wapatali.

Chimene anthu aikondera

Tisaweruze tisanamve mbali yake, pakuti zifukwa zoikondera zilipo, ndipo zina ndi zolungama. Choyamba ndi chakuti ifika. Munthu wokhala m'mphepete mwa msewu wa phula sakhoza kudziwa kulemera kwa mawu amenewa, koma ife tidziwa. Mlangizi wa zaulimi, namwino wa sikelo, woyendera masukulu, mbusa wa nyumba zopempherera zambiri zobalalika m'mapiri, onsewa ntchito yawo iima miyezi inayi ya dzinja ngati alibe chowafikitsa. Chachiwiri ndi chakuti zakalezo zinali zosavuta kukonza. Makaniko wa pamsika, ali ndi masipanala ochepa ndi waya, anakhoza kuidzutsa pansi pa mtengo wa mango. Chokoma ichi chikutha, pakuti zatsopano zambiri zikadwala zifuna kompyuta ndi ulendo wa kumzinda.

Chachitatu ndi msinkhu wake. Wokwera akhala pamwamba, aona patali, ndipo mtima wake umuuza kuti ali m'linga. Chachinayi ndi loto. Munthu wa m'mzinda, wotopa ndi ofesi ndi mizere ya magalimoto, aona chithunzi cha malonda cha galimoto itaima pamwamba pa phiri popanda munthu wina, ndipo agula ufulu umene sadzaulawa. Loto limeneli linakuzidwa ndi mipikisano monga uja wochokera ku Paris kupita ku Dakar, umene unayamba kumapeto kwa 1978 ndi kudutsa chipululu cha Sahara, ndipo Pajero inaupambana kakhumi ndi kawiri. Koma kumene opikisanawo anakuyesa chipululu chopanda eni kunali midzi ya anthu, ndipo anthu a m'midzimo, ena a iwo ana, anafa pogundidwa. Mpikisanowo unachoka mu Africa nupita ku South America mu 2009, ndi ku Saudi Arabia mu 2020.

Chachisanu ndicho chachikulu, ngakhale ogula sachitchula, ndicho ulemu. Galimoto yaikulu ilankhula mwini wake asanatsegule pakamwa. Ikaima pamaliro, anthu asuntha mipando. Ikaima paukwati, ndiwo zabwino zipita kwa iye. Pamenepa tisaloze chala olemera okha, pakuti ulemuwo tipereka ndife. Ndaona ndi maso anga mkulu wa mpingo wokalamba, wobwera panjinga mtunda wautali, ataimitsidwa pakhomo la tchalitchi kuti mlendo wa galimoto yonyezimira apatsidwe mpando wakutsogolo. Kalata ya Yakobo inatsutsa kale khalidwe lotere, ndipo ife tiiwerenga chaka ndi chaka osasintha.

Chigamulo

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere yoyamba ndi mafuta. Bungwe ndalitchula lija linena kuti galimoto ya mtundu uwu ilemera makilogalamu 200 kufikira 300 kuposa galimoto wamba, ndipo utsi wake wowononga nyengo uchuluka ndi gawo limodzi la magawo asanu. Dziko lathu lilibe chitsime cha mafuta. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo lidzera ku madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo ligulidwa ndi ndalama zakunja zimene mlimi wa fodya ndi wothyola tiyi anazikhetsera thukuta. Pamene ambulansi imwa mafuta amenewo, palibe wodandaula. Koma pamene chigalimoto cha mipando isanu ndi iwiri chinyamula munthu mmodzi kuchokera kunyumba kupita ku ofesi pa msewu wa phula, tiyenera kufunsa ngati kumeneko si kumwaza. Ngakhale ku Paris anthu anatopa nazo, ndipo mu February 2024 anavota kuti magalimoto olemera a alendo azilipira katatu poimika m'mzindamo.

Nyerere yachiwiri ndi ngozi. Linga lija litchinjiriza wam'kati, koma wakunja limuopsa. Galimoto yaifupi ikagunda munthu imumenya m'miyendo. Yaitali mphuno imumenya pachifuwa kapena pamutu, ndipo mwana woima pafupi ndi mphuno yake woyendetsa samuona konse. M'dziko muno, m'mene ambiri tiyenda pansi ndi panjinga m'mphepete mwa msewu, nkhani imeneyi ndi ya moyo ndi imfa. Ndipo wam'katiyo asadzinyenge, pakuti chinthu chachitali chigubuduka msanga pokhota kuposa chachifupi, monga ngolo yosanjikiza matumba. Magudumu anayi athandiza kuyenda, koma sathandiza kuima, popeza galimoto iliyonse igwira mabuleki ndi magudumu onse anayi. Ambiri anadalira mphamvu ya galimoto yawo pa msewu woterera, nathamanga, ndipo anakathera m'ngalande.

Koma nyerere yachitatu ndiyo indiluma koposa, ndipo ndiyo mutu wa mlandu wanga. Galimoto iyi ichititsa wokwera kuiwala msewu. Masiku a machila, wonyamulidwa sanamve minga imene inalasa onyamula, komabe anamva kupuma kwawo ndi nyimbo zawo, naona mapazi awo. Wokwera m'galimoto ya masiku ano atseka magalasi, ayatsa makina oziziritsa mpweya, ndipo maenje a mumsewu afika kwa iye ngati kugwedeza kwa mwana kumbuyo kwa amake. Akafika kumene apita anena kuti msewu uli bwino ndithu, pakuti iye wadutsa. Tsono ngati anthu amene ali ndi mphamvu yolamula kuti msewu ukonzedwe ndiwo okhawo amene msewu suwapweteka, udzakonzedwa liti? Galimoto yolimba ithetsa vuto la munthu mmodzi, nisiya vuto la anthu zikwi pomwe linali. Mlatho ndiwo uwolotsa onse: wanjinga, wangolo, mwana wa sukulu, mayi wosenza dengu la tomato.

Ndipo galimoto yosasankha njira nayonso ili ndi malire ake. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri ndi kukokolola milatho ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, panali midzi imene galimoto iliyonse inalephera kufikako, ngakhale yolimba chotani. Thandizo linafika pa mabwato, pa ndege za helikopita, ndi pamitu ya anthu, monga masiku a amtengatenga. Pamenepo tinaphunzira kuti magudumu anayi sangalowe m'malo mwa mlatho wabwino, ngalande zosamalidwa ndi mitengo yosadulidwa m'mapiri. Amene akhala pamwamba lero akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikunena kuti yense wokwera galimoto yotere ndi wochimwa, ayi. Nsanje nayonso ndi tchimo, ndipo ibisala bwino m'mawu a chilungamo. Ndikudziwa madokotala, alangizi ndi amalonda amene galimoto zawo sizipita zopanda munthu womuthandiza, ndipo m'mudzi mukagwa matenda usiku anthu agogoda pakhomo pawo osaopa. Sindikunenanso kuti tibwerere ku machila. Mphatso ya luso la amisiri ndi yochokera kwa Mulungu, ndipo mayi uja wa tsidya la dambo ali moyo chifukwa cha giya yapansi ndi loko wa difu. Chimene ndikana ndi kulemekeza chida chifukwa cha kunyezimira kwake, ndi kuiwala kufunsa chimene chichita.

Mawu kwa mipingo

Nkhani iyi itikhudza ife eni, pakuti masiku ano mipingo yambiri isonkha ndalama zogulira abusa galimoto, ndipo nthawi zina mpingo upikisana ndi mpingo unzake. Kusamalira mbusa ndi chinthu choyenera. Koma musanasonkhe, akulu a mpingo akhale pansi nafunse mafunso atatu. Kodi galimotoyi idzapita kuti kumene ina yotsika mtengo, kapena njinga yamoto, singafike? Kodi ikafa, adzaikonza ndani, ndipo ndalama za mafuta, matayala ndi zitsulo zidzachokera m'thumba liti chaka ndi chaka? Walira mvula walira matope. Ndipo lachitatu, kodi usiku wina mkhristu wosauka akadwala, kapena munthu amene sali wa mpingo wathu, galimotoyi idzadzuka? Ngati yankho la funso lachitatu lili lokayikitsa, ndalamazo zikagule simenti ya pamlatho kapena malata a sukulu.

M'Buku la Machitidwe muli mbiri ya nduna ya chuma ya ku Etiopia, munthu wamkulu woyenda pagareta m'njira ya m'chipululu. Gareta ameneyo timkumbukira chifukwa mwini wake anaitana munthu woyenda pansi kuti akwere akhale naye, ndiponso anamuimitsa pamene panali madzi. Kukongola kwa garetayo sikunalembedwe. Magareta a Farao anali ambiri ndi amphamvu, koma chimene tikumbukira ndi chakuti anathera m'nyanja.

Ifenso a m'midzi tili ndi mbali yathu. Tisayembekeze boma pa kanthu kalikonse. Ngalande ya m'mbali mwa msewu ikatsekeka, makasu tili nawo. Dzenje likayamba, miyala ili pafupi. Ndipo ndimve chisoni kunena kuti m'malo ena anyamata akondwera galimoto ikatitimira, kuti alipitse mwini wake asanaikankhe, ndipo ena achita kukumba dala. Wochita zotere alibe mawu odzudzula nawo mwini galimoto ya magalasi akuda, pakuti onse awiri adya pa msewu woipa. Tsiku lina yotitimira pa dzenje limenelo idzakhala ambulansi yonyamula amake.

Mnyamata uja ndinamuyankha Lolemba lake, ana onse akumva. Ndinati, magalimoto awiriwo ndi pachibale ndithu, ndipo onse ali ndi magudumu anayi okoka. Koma ina inapatuka pa msewu wabwino kukafuna munthu, ndi inzake inapyola anthu osawaona. Ndinawauzanso kuti ena a iwo, Mulungu akalola, adzakula nakhala ndi magalimoto otere, ndipo ndinawapempha zinthu ziwiri: kuti pachithaphwi adzachepetse liwiro, ndi kuti akadzafika pa mipando yolamula adzakumbukire dambo la kwawo. Pempho lomwelo ndilipereka kwa inu owerenga amene muli nazo kale. Ngati mawu ena akupwetekani mundikhululukire, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ambuye asunge onse oyenda m'misewu yathu m'dzinja likudzali, okwera ndi oyenda pansi omwe.